Mlendo ndi Mame: Kalata Yobweza Mlendo ku Cape Town

Yunivesite ya Cape Town ili ndi mwambo woitana munthu mmodzi pa chaka kuti adzalankhule za ufulu wa maphunziro, pokumbukira T.B. Davie amene adali mkulu wa sukuluyi kuyambira mu 1948 mpaka imfa yake mu 1955. Mwambowu udayamba mu 1959, chaka chimene boma la tsankho lidakhazikitsa lamulo lotsekera anthu akuda zitseko za mayunivesite a azungu. Davie ankati yunivesite iyenera kudzisankhira yokha woti aphunzitse, zoti ziphunzitsidwe, kaphunzitsidwe kake, ndi woti aloledwe kuphunzira. Tsono mlendo woti adzalankhule mu 2016 adaitanidwa, navomera, kenaka nkuuzidwa kuti asabwerenso. Ndipo wom'bwezayo sadali nduna kapena wapolisi ayi, koma mkulu wa yunivesite yomweyo, Dr. Max Price. Kalata yake ya mu Julaye chaka chimenecho ndiyo ndifuna tiisanthule, monga tichitira ndi ndakatulo ikabwera pa gome lathu.

Mlendoyo adali Flemming Rose, mkonzi wa ku Denmark amene mu Seputembala 2005 adasindikiza m'nyuzipepala ya Jyllands-Posten zithunzi 12 zojambula Mneneri Muhammad. Asilamu pa dziko lonse adapwetekedwa mtima, ndipo m'zipoloŵe zimene zidatsatira anthu adafa. Ndikadakhala m'komiti yosankha, dzina limeneli sindikadalikwezera dzanja. Kunyoza chipembedzo cha anthu ochepa m'dziko lako lomwe, iwe uli kumbali ya ambiri, ine sindikuona ngati chamuna chenicheni. Komatu komiti ya ufulu wa maphunziro idam'sankha, ndipo akuluakulu atapempha kuti im'bweze, idakana. Akuluakuluwo adam'bweza okha.

Zifukwa adapereka zitatu. Ziŵiri zoyamba nzapachibale: mlendoyo akadautsa mkangano pa sukulu, ndipo chitetezo chikadavuta. Pamenepa sindifuna kuwaseka. Chifanizo cha Rhodes chidali chitachotsedwa mu Epulo 2015, ndipo mu Febuluwale 2016 zithunzi za m'makoma zidatenthedwa, ofesi ya Price yemweyo nkuponyeredwa bomba la petulo. Munthu amene ofesi yake idanunkhapo utsi ali nacho chifukwa choopera. Koma taonani chimene chifukwa chotere chiphunzitsa. Gulu limene likadabwera ndi mafunso okha silikadaopsa munthu, choncho silikadamveredwa. Limene liganiziridwa kuti lidzatola miyala ndilo lipatsidwa kiyi wa holo. Ndiponso kalatayo imawachita chipongwe anthu omwe ifuna kuwalemekeza, pakuti Asilamu a ku Cape, amene akhala kumeneko zaka zoposa 300, iwayesa anthu osatha kum'gonjetsa mkonzi mmodzi ndi pakamwa.

Chifukwa chachitatu ndicho chidandiimitsa mutu. Akuti kubwera kwa Rose kukadabwezera m'mbuyo ufulu wa maphunziro m'malo moupititsa patsogolo. Mau otere akadalembedwa ndi wophunzira wa chaka choyamba tikadam'funsa kuti: ufulu umene uusunga poutsekera m'nkhokwe, udzaudya liti? Nduna za tsankho nazonso sizinkavomera kuti zikudana ndi mau a munthu. Zinkati zikusunga bata.

Cholakwika chachikulu m'kalatayi, m'kuona kwanga, nchakuti maso ake onse ali pa mlendo. Makolo adati mlendo ndi mame. Amafika, nalankhula ola limodzi, nakwera ndege. Otsala ndi eni mudzi, ndipo mlendo akabwezedwa, otsekedwa pakamwa ndi iwowo: amene adamuitana, ndi amene adakonzeka kudzamutsutsa. Boma la Verwoerd lidaidziŵa bwino nzeru imeneyi. Mu 1966 bungwe la ophunzira la NUSAS lidaitana Robert Kennedy wa ku America. Boma lidaona kuti kum'kaniza munthu wotchuka chotero nkudzichotsa ulemu, choncho lidamulola kuloŵa, koma lidagwira mwini phwando. Ian Robertson, mtsogoleri wa bungwelo, adam'patsa chiletso masabata ochepa mlendo asadafike, chom'kaniza kupezeka pa msonkhano wina uliwonse. Pa 6 Juni Kennedy adalankhula mu Jameson Hall, holo imene tsopano itchedwa Sarah Baartman, pali mpando wopanda munthu. Mau a Kennedy a tsiku limenelo adasemedwa pa manda ake ku Arlington. Robertson adachoka m'dziko lake chaka chomwecho. (Ife kuno ku Zomba sitisoŵa wotimasulira zimenezi. Mu 2011 mphunzitsi adaitanidwa ndi mkulu wa polisi chifukwa cha chitsanzo chimene adapereka m'kalasi, ndipo funso lidavuta aliyense lidali lakuti: kodi wakauza ndani mwa okhala pa mabenchi?)

Wina adzandikumbutsa za 1986, pamene ophunzira a pa Cape Town pomwepo adasokoneza maphunziro a Conor Cruise O'Brien wa ku Ireland mpaka iye kuleka, chifukwa adaswa pangano la ophunzira a maiko ambiri losapita ku South Africa. Inde, nkhaniyo njolimba, ndipo mtima wanga uli ndi anyamata ndi atsikana amenewo, amene anzawo adali m'ndende nthaŵi imeneyo. Koma ngakhale pamenepo, O'Brien adabwerera kwawo nalemba zambiri m'manyuzipepala. Amene adatsala opanda mphunzitsi ndi ophunzira a m'kalasi mwake. Kusiyana kwake nkwakuti mu 1986 mlendo adafika, anthu namuona, nakangana naye maso ndi maso. Mu 2016 mkangano wonse udathera m'maofesi, ndipo wophunzira sadafunsidwe kuti asankhe kumvera, kutuluka kapena kukuwa.

Ndimaganizira mtsikana wa Chisilamu wophunzira malamulo, amene mwina adaŵerenga zonse za mlanduwu nakonza funso lake limodzi lakuthwa: bwanji nyuzipepala yomweyo idakana zithunzi zoseka Yesu mu 2003? Funsoli lili ndi mano, pakuti zimenezi zidachitikadi, ndipo Rose akadayenera kuliyankha ataimirira pamaso pa anthu. Kalata ija idam'pulumutsa ku funsolo, nim'vekanso chisoti cha munthu wozunzidwa chifukwa cha choonadi, chisoti chimene sadakhetsere thukuta.

Chaka chotsatira bungwe la Institute of Race Relations lidamuitana Rose ku South Africa, ndipo adapita nakalankhula kumeneko. Mwambo wa Davie udayambiranso mu 2017 yemweyo, mlendo wake ali Mahmood Mamdani wa ku Makerere.