Za Mau a Pakamwa, a Papepala ndi a M'manja

Pali ganizo limene lamera pakati pa ife amene tinapita ku sukulu, ndilo lakuti mau olembedwa ndiwo chinenero chenicheni, mau a pakamwa ndi chithunzithunzi chake chabe, ndipo manja a munthu wogontha si chinenero konse. Ine ndikuti mlandu umenewu tauweruza mokhota, ndipo alipo anthu amene tawalakwira nawo.

Tiyambe ndi zilembo. Tengani cholembera mulembe kuti mtengo. Kodi mwalemba chiyani? Mukakweza mau pakati, ndi mtengo wa m'nkhalango. Mukapanda kukweza, ndi mtengo wa mchere ku sitolo. Chomwechonso khungu la pathupi ndi khungu la munthu wosapenya: papepala n'chimodzi, koma mwana wa zaka zinayi sawasokoneza. Ngakhale nthawi ya ntchito ibisala m'menemo, pakuti wonena kuti ndimathandiza akhoza kutanthauza masiku onse kapena nthawi ija yapita, ndipo chosiyanitsa ndi kukwera ndi kutsika kwa mau kokha. Pa zonsezi zilembo zathu zili chete. Ndicho chifukwa chake wowerenga kalata pamaso pa anthu nthawi zina aima pakati, nabwerera poyambira mzere: maso aona kale zilembo, koma khutu lisanapeze mwini nkhani.

Sindinyoza kulemba ai. Kalata ya mwana wogwira ntchito ku Johannesburg ifika kumene liwu lake silingafike, ndipo pangano lolembedwa silisintha mwini wake atamwalira. Koma kulemba ndi mlendo wadzulo. Zolemba zakale koposa, za ku Mesopotamia, zinayamba monga zaka 3200 Kristu asanabadwe, anthu atalankhula kale mibadwo yosawerengeka. Buku la mau a chinenero chathu la Johannes Rebmann linasindikizidwa mu 1877, ndi la David Clement Scott wa ku Blantyre mu 1892. Koma makolo athu anali ataweruza milandu, kulonga mafumu ndi kulangiza anamwali opanda chilembo n'chimodzi chomwe. Mwana aphunzira kulankhula ali kumsana kwa amake. Kulemba kufuna mphunzitsi, bolodi ndi zaka.

Tsono za manja, ndipo apa ndi pamene kulakwa kwathu kwakula. Mu 1880 aphunzitsi a ana ogontha anasonkhana ku Milan, ku Italy, pafupifupi onse anthu akumva, nagwirizana kuti ana aziphunzitsidwa ndi pakamwa, manja alekedwe. Zitatero, m'masukulu ambiri ana anatha zaka akuyang'ana milomo ya mphunzitsi ndi kuyesa kutchula mau amene sanawamvepo, ndipo aphunzitsi ogontha ambiri anachotsedwa ntchito. Anthu a ku Milan aja anayesa chinenero ndicho phokoso, monga ife tiyesa chinenero ndicho pepala.

Mu 1960 William Stokoe, mphunzitsi wa ku Gallaudet College mu mzinda wa Washington, anasonyeza kuti chizindikiro chilichonse cha ogontha a ku America chili ndi ziwalo zake: maumbidwe a dzanja, malo amene liima, ndi mayendedwe ake. Sinthani chimodzi, mwanena china, monga ife tisiyanitsa kupha ndi kupsa. Ndipo si kuloza wamba kumene munthu aliyense angakumve: wogontha wa ku London ndi wa ku New York ali ndi zinenero ziwiri zosiyana, chinkana anzawo akumva alankhula Chingelezi chimodzi. Cha ku America chili pa chibale ndi cha ku France, popeza Laurent Clerc, mphunzitsi wogontha wochokera ku Paris, anathandiza kutsegula sukulu ya ku Hartford mu 1817. Chodabwitsa koposa chinaoneka ku Nicaragua, kumene ana ogontha, atasonkhanitsidwa pa sukulu ya ku Managua kuyambira 1977, anaumba okha chinenero pabwalo losewerera, ndipo ang'ono obwera pambuyo anachikometsa kuposa akulu awo. Msonkhano wa aphunzitsi womwe uja, pokumana ku Vancouver mu 2010, unakana poyera zimene unagamula ku Milan. Koma zaka 130 zinali zitapita, ndi ana ambiri pamodzi nazo.

Onani tsono kufanana kwake. Ife pofunsa tisintha liwu. Wogontha wa ku America pofunsa akweza nsidze kapena kuzitsitsa. Zonse ziwiri zichitika pamaso pa mnzako, amene akhoza kukudula pakati ndi kuti, bwerezani, sindinamve. Ndipo zonse ziwiri zitayika pozitsitsira papepala. Mwana wogontha wa m'mudzi mwanu, amene ena amuyesa wopusa, sasowa nzeru: asowa anzake olankhula ndi manja, ndipo awasowa akali wamng'ono, pa msinkhu womwewo umene anzake akumva ayamba kuitana amawo.