Mbedza Isaoneke

Ndatopa nazo ndakatulo zofuula. Pa mipikisano ya kusukulu, pa wailesi ndi pa Facebook, mlakatuli amangotiuza kuti katangale ndi woipa, umphawi ukupweteka, atsogoleri asinthe. Anthu amaomba m'manja, oweruza n'kupereka mphotho poti mizere yathera mofanana. Abale, umenewutu ndi ulaliki!

Lawirirani kudoko la Chanyanya, m'mbali mwa mtsinje wa Kafue, mukaone mnyamata akukoleka nyongolotsi ku mbedza. Amaikankha ndi chala pang'onopang'ono mpaka kachitsulo konse katabisika, chifukwa nsomba sidya mbedza yoonekera. Luso lonse la ndakatulo lagona pomwepo, pa kuphiphiritsa.

Jack Mapanje, wobadwira m'boma la Mangochi mu 1944, anali katswiri pa zimenezi. Pamene ankaphunzitsa ku Chancellor College ku Zomba, kutsutsa boma la Kamuzu Banda poyera kunali kudzikumbira dzenje. Tsono buku lake la 1981, Of Chameleons and Gods, analiyendetsa ngati nanzikambe. Taganizani za kanyamaka. Kamaponda mokayika, diso lina kutsogolo lina kumbuyo, khungu n'kumasanduka tsamba lomwe kakhalapo. M'nthano za makolo ndiko kanachedwa ndi uthenga wa moyo, buluzi n'kukapitirira ndi uthenga wa imfa. M'kanyama kamodzi muli mantha, nzeru ndi mlandu wakale. Wowerenga amayamba wasangalala ndi chithunzicho, mawa lake ndiye amamva kuti china chamukola pakhosi. Ha, kukoma kwake!

Wina anena kuti kuphiphiritsako sikunamupulumutse, poti mu 1987 anamutsekera ku ndende ya Mikuyu popanda kumuzenga mlandu mpaka mu 1991. N'zoona, koma ine ndimati kumangidwako kukusonyeza kuti mbedza inakola. Ndipo polemba za ndendeyo, mutu wa buku lake la 1993 anaupereka kwa timbalame tolongolola ta pa Mikuyu.

Njira imeneyi anaiyendanso W. B. Yeats wa ku Ireland, amene analandira mphotho ya Nobel mu 1923. Ali wachinyamata anatolera nthano za anthu akumudzi, ndipo pofuna kunena za ukalamba wake anawerenga mbalame zoyandama pa nyanja ya ku Coole. Za mizere yothera mofanana sinditayapo nthawi, n'zokometsera chabe ngati utoto pa bwato.

Inu achinyamata olemba, chuma chili pakhomo panu. Kuyambira Disembala mpaka Febuluwale, boma likatseka usodzi pa Kafue, maukonde amakhala pamtengo ali gwa, mabwato atawavundikira pamtunda, amayi ogula nsomba osaonekanso ndi mabeseni awo. Tilembereni ukonde woumawo bwinobwino, mfundo ndi mfundo. Mawu oti njala musawatchule n'komwe, tiimva tokha m'mimba.