Pensulo ndi Phiri la Mulanje: Luso Lojambula Chimene Diso Laona

Mwa zipangizo zonse zojambulira pamanja, pensulo ndi chimodzi mwa zotsika mtengo kwambiri, komanso ndiyo yosabisa zofooka za mmisiri, pakuti ilibe utoto woti n'kuphimbira malo amene diso silinaone bwino. Mtima wake ndi grafaiti, mwala wofewa wakuda umene umasiya chizindikiro ukakhuzidwa papepala, womwe umapezekanso m'dothi la ku Malingunde ndi ku Kasiya m'boma la Lilongwe. Kuyambira mu 1795, pamene Nicolas-Jacques Conté wa ku France anapeza njira yosakaniza ufa wa mwalawu ndi dongo n'kuziwotcha pamodzi, kuuma kwa pensulo kumadalira kuchuluka kwa dongolo. Mapensulo okhala ndi chilembo cha H ali ndi dongo lambiri, motero amalemba mzere woonda ndi wotuwa, pamene a chilembo cha B ndi ofewa ndipo amada kwambiri. HB, imene mwana wasukulu amagula pagolosale, ili pakati pa mitundu iwiriyi. Chuma chonse cha wojambula ndi pensulo chili pa mtunda umene uli pakati pa kuyera kwa pepala ndi kuda kwa pensulo yofewa kwambiri ya 6B, ndipo m'Malawi muno mulibe malo amene amayesa chuma chimenechi koposa phiri la Mulanje.

Vuto loyamba ndi kukula kwa phirilo. Mulanje ndi chimulu chachikulu cha miyala yolimba chimene chinangotumphuka pakati pa chigwa, chokhala ndi nsonga zambiri, ndipo yaitali kuposa zonse, Sapitwa, imafika mamita 3,002. Wophunzira amayamba ndi mzere wa m'mphepete, kutanthauza mzere umene umalekanitsa phiri ndi thambo, ndipo akautsata kuchokera kumanzere mpaka kumanja amayesa kuti ntchito yatha, kwatsala kungodetsa mkati. Chotuluka chake chimakhala chinthu chophwatalala ngati chikwangwani cha pasitolo, chopanda kulemera, chimene munthu sangakhulupirire kuti mitsinje ya Ruo, Likhubula, Lichenya ndi Thuchila imachokera m'kati mwake. Mmisiri wokhwima amayambira kwina. Amatsinzinira pang'ono kuti timizere tating'ono tizimiririke, n'kutsala zigawo zitatu kapena zinayi zokha za kuwala ndi mthunzi, ndipo zigawo zimenezi ndizo amaziyala poyamba ndi mbali ya pensulo, osati nsonga yake. Mzere wa m'mphepete umabwera pambuyo, ndipo m'malo ena subwera n'komwe, chifukwa pamene thanthwe lotuwa lakumana ndi mtambo wotuwa diso siliona malire alionse.

Thanthwe la Chambe, limene limayang'ana kumadzulo ndipo limaoneka bwino kwa munthu wochokera ku Blantyre asanafike pa Chitakale, limaphunzitsa chinthu chachiwiri, chomwe ndi nthawi. M'mawa dzuwa limakhala kuseri kwa phiri, choncho nkhope yonse ya thanthwelo imakhala mumthunzi umodzi wosalala umene pensulo ya 2B ingauyale mosavuta. Dzuwa likapendeka, ming'alu, mipata ndi mikwingwirima yakuda imene madzi a mvula anasiya potsetsereka zimayamba kuonekera, ndipo mikwingwirima imeneyi ndiyo imauza diso kumene mwala wafutukuka ndi kumene walowa mkati. Wojambula waluso amayendetsa dzanja lake motsata njira ya madziwo, mzere uliwonse n'kupindika pamene mwala wapindika, kusiyana ndi kudetsa mopingasa monga amachitira pa khoma la nyumba. Koma mthunzi suyembekeza munthu. Pakatha ola limodzi umakhala utasuntha, ndipo amene amautsata nthawi iliyonse ukasuntha amathera ndi chithunzi chokhala ndi madzuwa awiri. N'chifukwa chake iye amasankha mphindi imodzi, n'kulemba malire a mithunzi yonse mofulumira ndi pensulo youma, kenako n'kumamatira pa chisankhocho ngakhale phiri litasintha pamaso pake.

Pamene luso limaonekera kwenikweni ndi pa nkhungu. M'miyezi ya June ndi July, mphepo yachinyezi yochokera kunyanja ya mchere kudzera ku Mozambique imabweretsa chiperoni, ndipo phiri limabisika theka kapena lonse kwa masiku angapo. Pensulo ilibe mtundu woyera, motero nkhungu sijambulidwa ayi, koma imasiyidwa: pepala lenilenilo ndilo limakhala nkhungu, ndipo ntchito ya dzanja ndi kudetsa zinthu zoyandikana nayo mokwanira kuti malo osakhudzidwawo aoneke ngati mpweya wolemera ndi madzi. Izi zimafuna kudziletsa kumene ambiri alibe, poti dzanja likazolowera kuyenda limafuna kudzaza ngodya iliyonse. Ena amadetsa ponseponse kenako n'kuchotsa ndi labala, njira imene imathandiza pa mitsinje yoyera yotsika m'matanthwe mvula ikagwa, koma pa nkhungu imasiya utsi wakuda wopanda moyo, makamaka pepala likamwa chinyezi, pakuti likatero limakana grafaiti ndipo limanyotsoka labala akalikhudza. Ena amatikita ndi chala kuti mthunzi usalale, osadziwa kuti mafuta a pakhungu amamatiriza grafaiti n'kupha kuwala kwa pepala. Paul Cézanne, amene anajambula phiri la Sainte-Victoire la kwawo ku France kambirimbiri mpaka imfa yake mu 1906, m'zaka zake zomaliza ankasiya mbali zazikulu za pepala zili zoyera, ndipo phiri lake silinachepe mphamvu chifukwa cha zimenezo.

M'mwezi wa October vuto limatembenuka, chifukwa utsi wa lupsa ndi fumbi zimachititsa phiri kuoneka lotuwa ndi lakutali. Apa lamulo lakale la ojambula, lakuti chinthu chikatalikira chimatuwa ndipo m'mphepete mwake mumafewa, limaoneka poyera: mtengo wa mango umene uli pafupi umafuna 6B, minda ya pakati HB, ndipo phiri lenilenilo 2H yokha yogwiridwa mopepuka.

Ena mwa anthu oyamba kujambula dera lino papepala anali ndi zolinga zina. Harry Johnston, amene anakhala mkulu wa boma la atsamunda kuyambira mu 1891, anaphunzira zojambulajambula ku London, ndipo buku lake la mu 1897 lonena za dziko lino lili ndi zithunzi zambiri za zomera, nyama ndi malo zimene anajambula yekha. Alexander Whyte, katswiri wa zachilengedwe amene ankagwira ntchito pansi pake, anatola zomera paphiri la Mulanje, ndipo dzina lasayansi la mkungudza wa paphirili linachokera kwa iye. Diso la anthu amenewa linali lakuthwa ndithu, koma linali diso lowerengera chuma cha dziko. Wojambula wobadwira ku Mulanje amaona zimene iwo sankafuna kuona, monga mayi wotsika ku Likhubula ndi mtolo wa nkhuni wautali kuposa msinkhu wake, kapena otchola tiyi m'minda ya ku Lujeri. Munthu wotchola tiyi saima kuti amujambule, choncho mmisiri amakhala ndi kanthawi kochepa kuti agwire chinthu chimodzi chofunika, chomwe ndi mzere wochokera pakhosi kutsika ndi msana, umene umapindikira kutsogolo pokana kulemera kwa dengu lakumbuyo. Mzerewo ukalondola, nkhope ndi zala zikhoza kusiyidwa, ndipo woona chithunzicho adzadziwabe ngati dengulo lili lodzaza kapena lopanda kanthu. Tiyi weniweniyo, amene amadulidwa mofanana pamwamba, sajambulidwa tsamba ndi tsamba. Timizere tochepa pafupi ndi manja a wotchola timakwanira, kwinako n'kungoyala mthunzi wopepuka.

Masiku ano achinyamata ambiri aluso amakopera zithunzi za pafoni, kugawa pepala m'timabokosi n'kusamutsa kadontho kalikonse mpaka chojambulacho chifanane ndi cha kamera. Kuleza mtima kwawo n'koyenera ulemu, ndipo pa nkhope za anthu njirayi imawapezetsa ndalama. Komabe pa phiri imataya zambiri, chifukwa kamera imakhala itasankha kale zonse zimene wojambula anayenera kusankha yekha, ndiponso kamera ya pafoni imachepetsa zinthu zakutali, moti Chambe amene amachititsa munthu kukweza khosi amaoneka ngati kachitunda. John Ruskin, m'buku lake lophunzitsa kujambula la mu 1857, ankalimbikira mfundo yakuti kuphunzira kujambula n'kuphunzira kuona, ndipo amene wakhala maola awiri pamwala akuyeza kutalika kwa thanthwe ndi pensulo yotambasulidwa patsogolo pa diso limodzi amadziwa za phirilo zinthu zimene wokopera sangazidziwe.

Kujambula pamalo penipeni kumakakamizanso mmisiri kunena zoona pa zimene zasintha. Phiri la Mulanje lakhala nkhalango yotetezedwa kuyambira mu 1927, ndipo mu 2025 bungwe la UNESCO linaliika pa mndandanda wa malo a chuma cha dziko lonse, koma mikungudza ikuluikulu inatha ndi macheka, ndipo m'malo ambiri mwatsala zitsa. Namondwe wa Freddy, m'mwezi wa March 2023, anasiya zipsera zazitali m'mbali mwa phiri pamene dothi ndi miyala zinakokoloka n'kukwirira midzi, zomwe akuluakulu amati ndi njira za Napolo. Wogula wochokera kutali amafuna phiri losalala lopanda mabala, ndipo chiyeso chofufuta zipserazo chimakhala chachikulu kwa munthu wofuna kugulitsa. Mmisiri woona mtima amazisiya zili mizere yoyera yodula mthunzi wa nkhalango, monga momwe zililidi, n'kulemba pansi pa pepala malo amene anakhala, tsiku ndi ola, kuti wina wodzakhala pamalo omwewo patapita zaka makumi awiri adzathe kuyerekeza n'kuona pamene mitengo yabwerera ndi pamene sinabwerere.