Buku la chipale lomwe a ku Tete angapindule nalo

Ku Tete, komwe mu Okutobala ndi Novembala kutentha kumapitirira madigiri 40, chipale chofewa chogwa kumwamba timangochiona pa kanema. Komabe buku lina, lolembedwa m'Chingerezi pofuna kuphunzitsa madalaivala a ku Canada ndi kumpoto kwa America kuchotsa chipalecho pamalo oimikapo magalimoto, lili ndi nzeru zomwe mzinda wathu ukusowa.

Mphamvu yake ili m'mitu yoyambirira. Mlembi akuti ntchito imayamba nyengo ya chipale isanafike: yenderani malowo kukadali kouma, khomani zikhomo zazitali posonyeza ngalande, mipopi ndi m'mphepete mwa msewu, ndipo gwirizanani ndi mwini malo za pomwe mulu udzaunjikidwe. Muluwo ukhale kumunsi, usatseke ngalande, usaphimbe maso a dalaivala potuluka pageti. Kenaka akufotokoza kagwiridwe kake: pafupi ndi khoma tsitsani chitsulo chokankhira chipale n'kukokera chammbuyo, pabwalo pendeketsani chitsulocho n'kumakankhira mbali imodzi mzere ndi mzere, ndipo musadikire kuti chipale chichuluke. Zithunzi zake n'zomveka ngakhale kwa wosadziwa Chingerezi.

Aliyense amene anaona madera a mumzinda uno a Chingodzi ndi Matundo mu Januwale 2022, namondwe wa Ana atadzaza mtsinje wa Revúboè n'kugwetsa mbali ya mlatho wopita ku Moatize, angazindikire ntchito imeneyi. Madzi akaphwa, matope ndi mchenga zimatsala m'mabwalo a masukulu, m'misika ndi pomwe mathiraki ochokera ku Zóbuè amagona asanawoloke Zambezi kupita ku Cuchamano. Kawirikawiri katapila amangokankhira matopewo pomwe pamuyandikira, mvula yotsatira n'kuwabwezera mungalande. Makina ndi madalaivala aluso tili nawo chifukwa cha migodi ya malasha. Chosowa ndi dongosolo lokonzeratu.

Pali malire ake. Mutu wautali wonena za kuwaza mchere ulibe ntchito kuno. Chachikulu, chipale chongogwa kumene nthawi zambiri sichipitirira makilogalamu 200 pa kyubiki mita, pomwe matope onyowa amaposa 1,500. Galimoto yaing'ono yomwe mlembi akuitama ingathyoke tsiku loyamba. Chipale chimasungunuka chokha, koma matope akawombedwa ndi dzuwa la kuno amauma ngati njerwa, choncho sangasiyidwe pamulu. Ayenera kutengedwa akadali ofewa. Bukuli silinenanso chilichonse za anthu ogwira ndi mafosholo ndi mawilibala, omwe ndiwo amayamba ntchito m'makwalala athu.

Ngakhale zili choncho, ndikulilimbikitsa kwa akuluakulu a khonsolo ya mzinda, eni malo oimikapo mathiraki ndi ophunzitsa madalaivala a makina. Awerenge mitu ya kukonzekera ndi kuunjika, ayimasulire m'Chipwitikizi, Chinyungwe ndi Chinyanja, kenaka akakhome zikhomo mvula isanayambe.