Njinga ya a Trywell

Amene anakulira kumudzi amadziwa kuti njinga ya bambo sabwereka mwachisawawa. Ndiyo imapita ndi thumba kuchigayo, ndiyo imathamangira kuchipatala mwana akatentha thupi pakati pa usiku, ndipo pamaliro ndiyo imakanena uthenga kumidzi ina. Ukaigwetsa n'kupinda handulo, tsiku limenelo nsima umadyera kwa agogo. Tsono taganizani mnyamata wa zaka 14, wothamangitsidwa kusukulu chifukwa cha fizi, akuuza bambo ake m'chaka cha njala kuti akufuna njingayo aidule ndi sowo. Filimu ya The Boy Who Harnessed the Wind yatsamira pa pempho limeneli, ndipo ine ndimaiona ngati filimu ya amene anapemphedwayo kuposa ya wopemphayo.

Nkhani ya William Kamkwamba wa m'mudzi mwa Masitala ku Wimbe, m'boma la Kasungu, ambiri tinkaidziwa kale kuchokera m'buku limene analemba ndi Bryan Mealer mu 2009. Chiwetel Ejiofor anaitenga, nailemba ngati filimu, naitsogolera, naseweramo yekha ngati a Trywell Kamkwamba, bambo ake a William. Inaonetsedwa koyamba ku Sundance mu Januwale 2019, ndipo pa 1 Malichi inalowa pa Netflix. Vuto limene Ejiofor anakumana nalo ndi la aliyense wofotokoza nkhani ya munthu amene zinamuyendera: omvera amadziwa kale mathero. Dzina lenileni la filimuyo laulula kuti makina a mphepo adzazungulira. Ndiye woonera ungamugwire bwanji kwa maola pafupifupi awiri?

Njira imene anasankha ndi ya mlimi. Anagawa filimuyo potsata nyengo ya kumunda, ndipo mitu yake imalembedwa m'Chichewa: Kufesa, Kukula, Kukolola, Njala, Mphepo. Mwa mitu isanu, makinawo ali m'mutu womaliza wokha. Yonseyo ndi kuwerengera zimene banja likutaya, chimodzichimodzi. Filimu imayamba ndi maliro a mkulu wawo wa a Trywell, amene wagwa m'munda. Kenako anthu a esiteti ya fodya akubwera kudzagula mitengo yowotchera fodya wawo, ndipo amuna a m'mudzi akusaina ngakhale mfumu yakana, chifukwa ndalama ili patebulo ndipo kusefukira kwa madzi kukadali m'mawu chabe. Mvula ikubwera yowononga, kenako ikusowa. William, amene tinamuona atavala yunifolomu yatsopano makolo akumwetulira, akuitanidwa pakati pa anzake kuti atuluke. Pamene tikufika pa njinga ija, timakhala titawerenga kale kuti pakhomopo patsala chiyani, ndipo n'chifukwa chake sowo ija imatipweteka.

Chimene Ejiofor anachita bwino kwambiri ndi kusapanga a Trywell kukhala mdani. Zikanakhala zosavuta: bambo wouma mutu, mwana wanzeru, woonera n'kumaombera m'manja mwanayo. Koma a Trywell a m'filimuyi ndi munthu amene waika zonse pa sukulu ya ana ake, amene safuna kuti banja lake lizingopempherera mvula, ndipo amagwira ntchito mpaka thupi kuuma. Kulakwa kwawo ndi kwa munthu wolimbikira, woganiza kuti chilichonse chimagonja ukachikakamira ndi khasu. Pali malo ena pamene Dick Pope, amene anagwira kamera, amawaika okha pakati pa munda wofiira, wosweka ndi dzuwa, akugaula nthaka imene ikungotulutsa fumbi. Kamera imaima patali, osayenda. Palibe wolankhula. Umaona munthu wamkulu atachepa pakati pa mizere, khasu likukwera ndi kutsika, ndipo umazindikira kuti khama limeneli silibala kanthu ngakhale atalichita mpaka mawa. M'mafilimu ambiri a mtundu uwu thukuta limalipira nthawi zonse. Apa tikuona thukuta likungogwera pansi.

N'chifukwa chake mkangano wa njinga umagwira mtima. William wapanga kachitsanzo kakang'ono koyatsa wailesi, ndipo kwa bambo amene ana awo akudya kamodzi patsiku, kameneka n'kachidole. Akukaphwanya, nam'patsa khasu. Onse awiri akulimbikira, wina ndi manja wina ndi mutu, ndipo aliyense akuona ngati mnzakeyo akusewera ndi moyo wa banja. Amene amathyola mkanganowo ndi mayi Agnes, amene Aïssa Maïga amawasewera mosakweza mawu, akuwawerengera amuna awo zonse zimene ataya powatsatira. Ndi mayi yemweyu amene anali pakhomo ndi mwana wake wamkazi pamene anthu anjala anadzalanda chakudya, bambo atapita kumsonkhano wa ndale. Filimu siyinena mokuwa kuti amayi ndi amene analipira kwambiri. Imangotionetsa amene analipo tsiku limenelo ndi amene kunalibe.

Koma nsembe imene imandisowetsa mtendere ndi ya Annie, mchemwali wake wa William, amene Lily Banda anasewera. Mtsikanayu anakhoza sukulu, akudikira kupita ku yunivesite, ndalama palibe. Njala itafika pachimake akuthawa ndi mphunzitsi amene ankakondana naye mobisa, kuti pakhomo pachepe pakamwa pamodzi, ndipo akusiyira mlongo wake dayinamo ya pa njinga ya mphunzitsiyo. Monga luso la kulemba, apa Ejiofor anamanga mfundo ziwiri ndi chingwe chimodzi, chifukwa kachitsulo kamene kadzapange magetsi kagulidwa ndi tsogolo la mtsikana. M'buku muja dayinamo anagula ndi Gilbert, mwana wa mfumu Wimbe, ndipo kusinthaku n'kwa filimu. Ndikuvomereza kuti n'kusintha kwanzeru. Chimene sindivomereza ndi kufulumira kwake. Annie akangochoka filimu imamuiwala, ngati ntchito yake inali yongopereka dayinamo. M'midzi mwathu muli a Annie ambiri amene anasiya sukulu kuti mlongo wawo apitirize, ndipo akanayenera mphindi zina zisanu.

Za njala ya 2001 ndi 2002 filimuyi siyinama. Amene tinaiona timakumbukira gaga akugulitsidwa ngati ufa, anthu akugona pamzere ku ADMARC, ena akudenula malata kuti agule ndowa ya chimanga, pamene chimanga cha m'nkhokwe za boma chinali chitagulitsidwa. Gawo limene William akukankhana ndi khamu pa depoti, atakumbatira kathumba kake, lajambulidwa kamera ili m'kati mwa anthu, moti nawenso umasowa popumira. Gawo la mfumu imene ikumenyedwa italankhula za njala pamsonkhano wa pulezidenti ndi lalifupi, ndipo kufupikako n'koyenera, chifukwa zoterezi zimachitika msanga, nyimbo za chipani zili m'kati. Gule Wamkulu yekha ndiye ndimamukayikira. Zilombo zimaoneka bwino pa kamera, ndipo pamaliro m'pamalo pake, koma penapake zimangodutsa ngati zokometsera maso a mlendo.

Nanga Chichewa chake? Apa Amalawi ambiri anaseka, ena anakwiya. Ejiofor ndi wa ku London wa makolo a ku Nigeria, Maxwell Simba amene anasewera William ndi wa ku Kenya, Maïga anabadwira ku Dakar nakulira ku France. Anaphunzira mawu awo ndi khama looneka, koma chathuchi ndi chinenero chimene mtengo wa m'nkhalango ndi mtengo wa pamsika amasiyana pa kakwezedwe ka liwu kokha. Ine ndinaonera pa laputopu ya mnzanga tili anayi, ndipo panali nthawi zina pamene tonse tinkawerenga Chingelezi cha m'munsi kuti timve Chichewa cha m'mwamba. Lily Banda akangotsegula pakamwa, khutu limapuma. Chimatayika si katchulidwe kokha. Mwana wa ku Kasungu akamatsutsana ndi bambo ake, ukali wake umabisala m'kati mwa ulemu, mu “inu” wonenedwa mano atalumana, ndipo zimenezi munthu woloweza mawu sangazifikire. Komabe sindingafune kuti akanaijambula m'Chingelezi chokha. M'filimuyi Chingelezi ndi cha m'kalasi, cha mulaibulale ndi cha buku la Using Energy limene William amawerenga, pamene Chichewa ndi cha pa mphasa ndi kumunda, ndipo William amayenda pakati pa ziwirizi tsiku lililonse. Mpata umene uli pakati pa iye ndi bambo ake umamveka ndi khutu. Ndipo pali kena koseketsa: dziko la Britain linatumiza filimuyi ku mpikisano wa Oscar m'gawo la mafilimu a zinenero zina. Atsamunda athu akale anakapikisana m'Chichewa.

Pamene ndimasiyana kwambiri ndi Ejiofor ndi pa mathero. M'filimu makinawo akuyendetsa pampu, madzi akutuluka m'chitsime kulowa m'mizere, mbewu zikumera m'chilimwe, mudzi wapulumuka. Zimene zinachitika n'zakuti makina oyamba a William, omangidwa ndi mitengo ya bulugamu, mapaipi a pulasitiki, chokupizira cha thirakitala ndi njinga yakufa ya bambo ake, anayatsa babu. Pambuyo pake anayatsa mababu angapo ndi wailesi m'nyumba mwawo. Njala inali itatha ndi zokolola, ndipo zopopa madzi zinabwera patapita zaka, anthu akunja atamudziwa. Ndikumvetsa chifukwa chimene anasinthira. Atakweza mtengo wa njinga kufika pamene anaufikitsa, babu limodzi silikanabweza ngongoleyo pamaso pa woonera. Koma potero anasandutsa nsembe kukhala malonda olipira msanga: wapereka njinga lero, mwezi wamawa ukukolola. Makolo amene amagulitsa mbuzi kuti alipire fizi amadziwa kuti sizitero. Amapereka osadziwa ngati chidzabwerere, ndipo kawirikawiri chimabwerera iwo atakalamba, kapena osabwerera n'komwe.

Ndiponso zaka zovuta kwambiri za William mulibe m'filimuyi. Makina atazungulira iye sanabwerere kusukulu. Anakhalabe pamudzi pafupifupi zaka zisanu, akulima, akukonza mawailesi, akubwereka mabuku omwe aja, mpaka nyuzipepala ya Daily Times inalemba za iye mu 2006, nakaitanidwa ku msonkhano wa TED ku Arusha mu 2007. Za African Leadership Academy ku Johannesburg ndi digiri ya ku Dartmouth mu 2014 zinabwera pambuyo pa kudikira konseko. Kupirira kotere n'kovuta kukujambula, chifukwa lero limafanana ndi dzulo, ndipo kamera imakonda tsiku limene zinthu zasintha. Koma amene anatha kutiimika patsogolo pa munthu wogaula fumbi akanathanso kutionetsa mnyamata amene wapanga chodabwitsa, anthu aombera m'manja, n'kubalalika, iye m'mawa mwake n'kutenga khasu.

Ndikaibwereza filimuyi ndimaimitsa pamene nsanja yaimikidwa, madzi asanatuluke. Pamwamba pali chimango cha njinga chomangiriridwa ku mitengo, tayala lakumbuyo likuyamba kuzungulira, tcheni chikulira monga chinkalirira pa msewu wa ku Wimbe. Pansi a Trywell ayang'ana kumwamba, manja ali lende, ndipo kuyambira tsiku limenelo kuchigayo azipita wapansi.