Kachipewa ka pa Dzina la Malaŵi

Munthu wamkulu amene wangophunzira kumene kuwerenga amakondwa pozindikira malembo pa zinthu zimene wakhala nazo zaka zambiri. Koma tsiku lina, pogula ndiwo pa msika wa Zomba, angayang'ane ndalama ya pepala ili m'dzanja lake, napeza dzina la dziko lake litalembedwa motere: Malaŵi. Pamwamba pa w pali kanthu konga kachipewa, kamene mphunzitsi sanakatchule. Ena amayesa kuti wosindikiza anaphonya, ena amataya mtima, nati, "Kani malembo aja sanathe!" Kachipewako si cholakwa ayi. Kali ndi mbiri yake, ndipo nkoyenera kukayesa bwino: kodi kamathandiza wowerenga, kapena kamangomlemetsa?

Lembo la ŵ limaimira liwu limene lili pakati pa b ndi w. Potchula b milomo imatsekeka. Potchula w milomo imasongoka ngati ya munthu wouzira moto. Koma potchula ŵ milomo imangoyandikana osatsekeka, ndipo mpweya umatuluka pang'ono pang'ono. Achewa ena a ku Kasungu ndi madera ozungulira amalitchula liwuli m'mawu onga dzuŵa, maŵa, nthaŵi, kudziŵa ndi kuŵerenga. Koma mu iwe ndi wanga amatchula w wamba.

Liwuli ndi lakale ndithu, ndipo abale ake amapezeka m'zinenero zoyandikana. Amene anakagwira ntchito ku Harare akumbukira kuti Ashona amati zuva, kuziva, kuverenga. Amene anapita ku migodi ya mkuwa ku Zambia akumbukira kuti Abemba amalemba akasuba potchula dzuwa. Pamalo pamene Mchewa analemba ŵ, Mshona analemba v ndipo Mbemba analemba b. Pamenepa pali phunziro loyamba: lembo silibadwa ndi liwu lake. Anthu ndiwo amapangana kuti chizindikiro chakuti chiimire liwu lakuti.

Mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi. Kachipewa komweka kamagwira ntchito zina kwa anthu ena, makamaka pamwamba pa malembo a liwu, amene m'Chichewa ndi asanu: a, e, i, o, u. Ku Wales, m'dziko la Britain, w amawerengedwanso pakati pa malembo a liwu, ndipo ŵ amamveka ngati u wotalika: madzi amawalemba dŵr. Eni ake amatcha chizindikirochi to bach, ndiko kunena kadenga kakang'ono. M'Chipwitikizi, chimene chimalembedwa kutsidya kwa nyanja ya Chirwa ku Mozambique, avô ndi agogo aamuna ndipo avó ndi agogo aakazi. Wosintha kachizindikiroko wasintha munthu. M'Chifalansa kachipewa kawirikawiri kamasonyeza pamene panali s amene anasiya kutchulidwa kalekale: nkhalango ndi forêt, imene Angerezi amalembabe forest. Kotero kwina kamatalikitsa liwu, kwina kamasiyanitsa tanthauzo, kwina kamangosunga chikumbutso cha makolo.

Tsono kuno kachipewa kanalimba bwanji? Dziko la Nyasaland linalandira ufulu pa 6 July 1964 nitenga dzina la Malawi, ndipo dzinali linasindikizidwa ndi kachipewa pa masitampa ndi pa ndalama za pepala. Mu 1968 Chinyanja chinatchedwa Chichewa nichikhala chinenero cha fuko pamodzi ndi Chingerezi. Mu 1972 Boma linakhazikitsa bungwe la Chichewa Board, limene linali ndi maofesi ake ku Zomba, likulu la dziko kufikira 1975. Bungweli linatulutsa malamulo a kalembedwe mu 1973, niliwakonzanso mu 1980 ndi mu 1990. Kuyambira 1973 mawu akale onga cinthu ndi nchito anayamba kulembedwa chinthu ndi ntchito, ndipo m'zaka zimenezo ŵ anaoneka kwambiri m'mabuku. Pulezidenti Hastings Kamuzu Banda, amene anali wa ku Kasungu, anafunitsitsa kuti Chichewa cha kwawoko ndicho chikhale muyeso wa dziko lonse.

Vuto lagona pomwepa. Malamulo anatuluka ku Zomba, koma Anyanja ambiri a ku Zomba, monganso a ku Blantyre ndi Mulanje, sasiyanitsa ŵ ndi w polankhula. Mlimi wotsika ndi mbatata kuchokera pa phiri la Zomba amati "mawa" ndi "wanga" ndi w mmodzi yemweyo. Kwa munthu wa ku Kasungu lamuloli linali lopepuka, pakuti anangolemba chimene khutu lake linamva. Kwa munthu wa m'mbali mwa Mulunguzi linali katundu, pakuti anayenera kuloweza mawu amodzi amodzi, osadziwa chifukwa chake kuŵala ali ndi kachipewa pamene iwe alibe. Ubwino waukulu wa kalembedwe ka Chichewa ndi wakuti munthu amalemba monga alankhula. Lamulo lofuna kuti alembe liwu limene salitchula limachepetsa ubwino umenewo, ndipo limachititsa manyazi munthu amene sanalakwe kanthu.

Chinanso: kachipewa kayenera kuyesedwa ndi ntchito yake. M'Chitumbuka ntchitoyo ndi yoonekeratu, pakuti wakwiza ndi munthu mmodzi akubwera, koma ŵakwiza ndi anthu ambiri. M'Chiyao, chimene chimamveka tsiku ndi tsiku pa msika womwewo wa Zomba, ŵ amalembedwa kawirikawiri, monga mu ŵandu, ndiko kuti anthu. Koma m'Chichewa munthu akawerenga kuti "dzuwa lalowa" sasokonezeka, angakhale tizipewa tonse tiwiri tachotsedwa. Chodabwitsa ndi chakuti pamene pali kusiyana kwenikweni kwa tanthauzo, malamulo sanaikepo chizindikiro. Mtengo wa mango umene uli pabwalo ndi mtengo wa mango umene wogula amapereka amalembedwa chimodzimodzi. Khungu la thupi ndi khungu la maso chimodzimodzinso. Amasiyana ndi kukwera ndi kutsika kwa liwu, ndipo akatswiri a zinenero okha ndiwo amaika tizizindikiro pa malembo a liwu pofuna kusonyeza zimenezi. Wowerenga wamba amazindikira tanthauzo poona mawu oyandikana. Ngati atha kutero ndi mtengo, sangalephere ndi dzuwa.

Chifukwa chake nkosadabwitsa kuti kachipewa kanayamba kusowa. Makina ambiri otayipira analibe lemboli, ndipo lero pa foni silipezeka msanga. Chichewa Board inatha, ndipo mu 1996 ntchito yosamala zinenero inapatsidwa kwa Centre for Language Studies ya University of Malawi, komweko ku Zomba. Manyuzipepala ambiri tsopano amalemba Malawi ndi Chichewa ndi w wamba.

Komabe kukataya konse kungakhalenso kulakwa. Liwu la ŵ silinafe. Lili m'kamwa mwa anthu ambirimbiri, ndipo iwo ali ndi ufulu wakuliona papepala. Ndiponso lemboli ndi mboni ya ubale wa Achewa ndi Atumbuka, Ansenga, Ayao, Ashona ndi Abemba. Malo ake oyenera ndi m'mabuku otanthauzira mawu, m'mabuku ophunzitsa katchulidwe, ndi pa dzina la dziko.

Tsono wophunzira wa pa msika uja asaope. Akapeza ŵ adziwe kuti si lembo lachilendo, koma w amene wavala chizindikiro cha katchulidwe ka anthu ena a mtundu wake womwe, ndipo awerenge monga amalankhula kwawo. Polemba kalata kwa mwana wake, akalemba "ndidzabwera mawa" popanda kachipewa, mwanayo adzamva, nadzakamchingamira pa depoti. Mphunzitsi wanzeru adzaonetsa ophunzira lemboli tsiku limodzi, nafotokoza chiyambi chake. Koma sadzachonga cholakwa m'kope la munthu amene walemba chimene khutu lake linamva.