Mphete Yobwezedwa: Luso la Chinua Achebe mu No Longer at Ease

No Longer at Ease ndi nthano yaitali yachiwiri ya Chinua Achebe, mlembi wa ku Nigeria yemwe anabadwira ku Ogidi mu 1930 ndipo anamwalira mu 2013. Bukuli linatuluka mu 1960, chaka chomwe dziko la Nigeria linalandira ufulu wodzilamulira, patangotha zaka ziwiri chitulukireni Things Fall Apart. Ambiri amalidziwa ngati buku lonena za ziphuphu, popeza limayambira m'khoti momwe Obi Okonkwo, mnyamata wophunzira ku England, akuzengedwa mlandu wolandira mapaundi 20. Komabe chomwe chimayendetsa nkhaniyi ndi chibwenzi cha Obi ndi namwino wina, Clara Okeke, chomwe chinatha popanda yemwe anasiya kukonda mnzake. Chinathetsedwa ndi banja lomwe Clara anabadwiramo.

Clara ndi osu. Pakati pa anthu a mtundu wa Igbo, osu anali munthu woperekedwa kwa mulungu wa mudzi, ndipo ana ake ndi zidzukulu zake ankabadwa ali operekedwa kale. Kapolo ankatha kudziwombola, koma osu analibe dipo. Mu Things Fall Apart Achebe anali atafotokoza kale moyo wawo: ankakhala kwaokha pafupi ndi kachisi, lumo silinkafika pamutu pawo, sankaloledwa kutenga maudindo a mudzi kapena kukwatirana ndi mfulu, ndipo akafa ankaikidwa kunkhalango yoopedwa. Nyumba ya malamulo ya chigawo chakummawa kwa Nigeria inathetsa mchitidwewu mu 1956, ndipo nkhani ya Obi ikuchitika m'zaka zomwezo. Pamaso pa boma, palibe chomwe chikanaletsa ukwatiwu. Ntchito ya mlembi inali yoonetsa momwe chinthu chomwe lamulo lachikana, mpingo wachikana, sukulu yachikana, chimapambanirabe.

Njira yoyamba yomwe anasankha ndi kuulula mathero pachiyambi. Owerenga amadziwa kuyambira tsamba loyamba kuti Obi wagwa. Woweruza akudabwa kuti zatheka bwanji kwa munthu wamaphunziro otere. Mr Green, bwana wake wachizungu, akuuza anzake ku kalabu kuti Mwafrika ndi wovunda kale. A Umuofia Progressive Union, bungwe la anthu akwawo okhala mu Lagos, akudandaula kuti mwana wawo wagwidwa ndi kandalama kochepa chifukwa chosadziwa kadyedwe kake. Kenaka nkhani imabwerera m'mbuyo. Chidwi cha owerenga sichikhalanso pa funso loti zitha bwanji, koma pa kuzindikira pomwe phazi linayambira kuterereka. Kakonzedwe kameneka ndi komwe kamapatsa nkhaniyi fungo la tsoka losathawika, chikhalirecho mulibe mlosi, mulibe maula, mulibe mulungu wolankhula. Chilichonse chomwe Obi akulonjeza Clara chimamveka chowawa, poti owerenga anamuona kale ali yekha m'bokosi la oimbidwa mlandu.

Chikondi chenichenicho Achebe sanachikometse. Awiriwa anakumana koyamba ku dansi mu London, komwe Obi anangomuponda zala Clara, ndipo anadzakumananso m'sitima ya katundu yochokera ku Liverpool pobwerera kwawo. Nyanja itamuzunguza mutu Obi, Clara anamubweretsera mapiritsi n'kumulankhula m'chinenero cha Igbo kwa nthawi yoyamba. Bukuli linalembedwa m'Chingerezi, koma mlembi amasamala kunena kuti apa munthu walankhula chiyani, ndipo kusinthaku kumaonetsa kuyandikana kapena kutalikirana kwa mitima. Chomwe chinawayandikitsa ndi chikwawo, ndipo chikwawo chomwecho n'chomwe chinadzawalekanitsa. Mu Lagos amakangana pa zazing'ono: Clara amakonda mafilimu, Obi amakonda ndakatulo za T. S. Eliot. Sichikondi cha m'nyimbo, n'chifukwa chake chimakhulupirika.

Pomwe Clara akuulula kuti ndi osu, luso lili pa kanthawi kochepa ka chete. Obi sayankha msanga. Akatsegula pakamwa amakana mwamphamvu kuti zimenezo n'zachabe, ndipo mawa lake amakagula mphete, koma kachete kaja kanena kale zomwe mawuwo akufuna kufufuta. Clara amadziwa za dziko lawo kuposa Obi. Iye wakhala nalo dzinali moyo wake wonse, pomwe Obi akuliona ngati mfundo ya mtsutso yomwe munthu wophunzira angaigonjetse ndi nzeru.

Apa mpomwe nkhani ya chikondi imalukana ndi nkhani ya ndalama, ndipo kalukidweka n'kolimba kuposa momwe kamaonekera poyamba. Anthu a ku Umuofia anasonkha mapaundi 800 kuti Obi akaphunzire zamalamulo adzawathandize pa milandu ya malo. Iye anakaphunzira Chingerezi. Atayamba ntchito m'boma, ku ofesi yoona za thandizo la maphunziro, anayenera kumabweza mapaundi 20 mwezi uliwonse. Anapita ku msonkhano wa bungwe kukapempha kuti amupatse miyezi ingapo asanayambe kubweza, ndipo pempholo linkayenda bwino. Koma Joseph, mnzake wa kuubwana, anali atatsina khutu tcheyamani za Clara. Tcheyamani atakhudzako pagulu, Obi anapsa mtima, anakana chifundo chawocho n'kutuluka. Kuyambira pamenepo ngongole zinayamba kumuunjikira: inshulansi ya galimoto, magetsi, fizi ya mng'ono wake, chipatala cha amayi ake, kenaka msonkho. Mapaundi 50 omwe Clara anamubwereka anabedwa m'galimoto. Ndiye kuti umphawi womwe unamufikitsa pa chiphuphu unayamba tsiku lomwe anaimira Clara pagulu. Achebe sanena zimenezi poyera. Amangoika zinthuzo moyandikana, ndi manambala ake, owerenga aziwonkhetsa okha.

Pachimake pa bukuli ndi ulendo wa Obi wa kumudzi, komwe akulankhula ndi makolo ake, aliyense payekha. Bambo ake, Isaac, ndi katekisiti wopuma pantchito. Wowerenga Things Fall Apart amawadziwa: ndi Nwoye uja, mwana wa Okonkwo mpangankhani wa bukulo, yemwe anathawa kwa bambo ake kukalowa mpingo womwe unalandira osu, n'kuwauza kuti amete tsitsi akhale pamodzi ndi anzawo. Munthu ameneyu ndiye akukana ukwatiwo. Akuti bambo ake a Clara amawadziwa bwino, ndi munthu wabwino komanso Mkhristu weniweni, koma ndi osu, ndipo akuyerekeza chinthuchi ndi khate la Namani wa m'Baibulo. Obi akuwayankha ndi Baibulo lomwelo, ndipo pa mtsutso akupambana. Isaac sakunena kuti mwambowo ndi wolondola. Mantha awo ali pa zidzukulu: ndani adzakwatire ana aakazi a Obi, ndipo ana ake aamuna adzapeza kuti akazi? Tsoka la chibadwidwe likusanduka funso la mbadwo womwe sunabadwe, ndipo funso lotere silingayankhidwe ndi ndime ya m'malemba.

Usiku wina Isaac akumufotokozera mwana wawo momwe anachokera panyumba atatembereredwa ndi bambo awo, ndiponso za Ikemefuna, mnyamata yemwe anakula naye ngati mbale n'kuphedwa ndi dzanja la Okonkwo. Mlembi wina akanagwiritsa nkhani imeneyi kulimbitsa Obi mtima, kuti nayenso apanduke monga bambo ake. Achebe akuitembenuza. Isaac analipira mtengo wa chikhulupiriro chawo ndi moyo wonse, ndipo mawu awo akumuonetsa Obi kuti iye alibe choti angalipire nacho. Pofufuza mumtima mwake akupeza kuti zonse zomwe wakhala akunena zinali za m'mutu chabe.

Amayi ake, Hannah, sachita naye mtsutso. Ali pa mphasa ya matenda, akumuuza maloto omwe analota, a chiswe chitadya bedi ndi nsalu yomwe anagonera, kenaka akumuuza kuti ngati akufuna mkazi ameneyo adikire iwo afe, apo ayi adzadzipha ndipo magazi awo adzakhala pamutu pake. Mawuwa ali ndi mphamvu chifukwa mlembi anawakonzera malo kale. Cham'mbuyo m'nkhanimo muli chikumbutso cha lezala ladzimbiri lomwe Obi ali mwana analiiwala m'thumba la chovala, amayi ake n'kudzicheka nalo pochapa. Kuchokera tsiku limenelo iye ankaona kuti magazi aja anawamanga pamodzi. Kanthu kakang'ono kapakhomo kameneka ndi komwe kakugwira ntchito yomwe m'nthano zakale ikanagwiridwa ndi temberero la mizimu. Mu bukuli mulibe munthu woipa woti owerenga amude. Omwe akuphwanya chibwenzichi ndi anthu omukonda Obi, omwe anamusonkhera ndalama, kumupempherera ndi kumuchapira.

Kutha kwa chibwenzi kunalembedwa mwachidule mpaka kuuma. Obi akubwerera ku Lagos n'kupempha Clara kuti ayambe aziziritsa kaye zinthu. Clara akumva zomwe sizinanenedwe, akuvula mphete, ndipo m'pamene zikudziwika kuti ali ndi pakati. Dokotala woyamba akukana kuchotsa mimbayo, wachiwiri akulandira ndalama. Obi akuonerera galimoto ikunyamuka ndi Clara, akufuna kukuwa kuti aime akakwatirane pompano, koma sakuwa. Pomwe akuyamba kuithamangira, yasowa kale m'misewu ya mzinda. Clara akugonekedwa m'chipatala kwa masabata angapo, akubweza kalata ya Obi osaitsegula, kenaka akuchoka mu Lagos. Ndi kachete komwe kaja, tsopano katakula.

Kenaka Hannah akumwalira. Dongosolo la zochitikazi n'lankhanza mwadala: choletsa chachoka patangopita nthawi yochepa, koma woti akwatiwe palibe. Obi sapita ku maliro, akungotumiza ndalama, ndipo anthu akwawo akukumbutsana kuti bambo akenso sanakaike bambo awo, ndiye kuti ndi za m'magazi. Apa zikuoneka kuti si Clara yekha womangidwa ndi kubadwa kwake. Obi ndi mdzukulu wa Okonkwo, mwana wa katekisiti, mwana wamwamuna woyamba pambuyo pa atsikana anayi, komanso munthu woyamba wa ku Umuofia kutumizidwa kunja. Chilichonse mwa izi ndi ulemu, ndipo chilichonse ndi ngongole. Anthu omwe anamuyeza Clara ndi makolo ake akumuyeza iyenso ndi muyeso womwewo. Atalira maliro, akupeza mtendere wachilendo mumtima, ndipo mtendere umenewo ndi womwe ukutsegulira chiphuphu choyamba khomo. Kale anakanapo ndalama za Mr Mark, yemwe ankafunira mlongo wake thandizo la maphunziro, komanso thupi la mlongoyo. Tsopano palibe munthu yemwe angamuchitire manyazi.

Achebe anabisa m'bukumo mfundo yake ya momwe nkhani yatsoka iyenera kuthera. Pa mayeso olowera ntchito, Obi akukambirana ndi mzungu wina za The Heart of the Matter, buku la Graham Greene, ndipo akunena kuti kudzipha kwa mpangankhani kumaononga nkhani yotere, chifukwa tsoka lenileni silikhala ndi mapeto opumitsa anthu, limangopitirira. Agogo ake a Obi, Okonkwo, anadzimangirira, ndipo imfa yawo inali ndi ukulu wake. Obi sapatsidwa ukulu umenewo. Akugwidwa ndi ndalama zoikidwa chizindikiro, pa nthawi yomwe mtima wake unali utayamba kale kunyansidwa nazo. Clara nayenso safa. Zaka zisanu ndi zitatu m'mbuyomo, mu 1952, Achebe analemba nkhani yaifupi, Marriage Is a Private Affair, momwe bambo wokana mpongozi wa mtundu wina akufewa mtima atamva za zidzukulu. Mu 1960 anatseka njira imeneyo: mdzukulu yemwe akanayanjanitsa anthu sanabadwe n'komwe.

Bukuli lili ndi pofooka. Kugwa kwa Obi, komwe mitu yambiri yakhala ikukukonzekera, kukuchitika m'masamba ochepa omaliza, ndipo munthu wokana ziphuphu akusanduka wozolowera mofulumira kuposa momwe nkhani yonse yayendera. Ena amati kufulumirako n'kwadala, poti munthu wotheratu mkati sachedwa kugwa, ndipo mfundoyo ili ndi nzeru. Chovuta kuchiikira kumbuyo ndi kaonekedwe ka Clara. Mkazi yemwe kubadwa kwake kukusuntha zonse amaoneka kudzera m'maso a Obi basi. Kwawo sikuonetsedwa, bambo ake amangotchulidwa, zomwe anakumana nazo ali mwana sizifotokozedwa, ndipo kuchoka kwake Obi akungokumva kwa ena. Mwina mlembi anafuna kuti nkhaniyo imuike pambali monga momwe mudzi unamuikira, koma zotsatira zake n'zakuti ululu wa osu ukumveka kwambiri ngati vuto la mfulu yomwe yalephera kukwatira. Buchi Emecheta, mlembi wina wa mtundu wa Igbo, anadzalemba nkhani yofanana mu The Bride Price, buku la mu 1976, momwe Aku-nna akukondana ndi Chike, mphunzitsi wobadwira m'banja la mbadwa za akapolo, ndipo iye anayika owerenga m'mutu mwa mtsikanayo. Koma ngakhale mmenemo wosalidwayo ndi mwamuna woonedwa kuchokera kunja, ndipo nkhaniyo ikutha ndi imfa ya Aku-nna pobereka, mathero a mtundu womwe Achebe anaukana.